Kuuza Mlendo za ku Biwi m'Chifalansa

1. Biwi ndi alendo ache

Biwi ndi dera limodzi la mzinda wa Lilongwe. Liri chakumwera kwa tauni yakale, ndipo liyandikana ndi Mchesi ndi Kawale. Mseu waukulu wochokera ku Lilongwe kunka ku Dedza ndi ku Blantyre upita m'mbali mwache. Kale kumeneko kunalibe mzinda, koma midzi ya Achewa ndi minda yao. Boma la Lilongwe linakhazikika m'chaka cha 1904 pafupi ndi mtsinje wa Lilongwe, ndipo m'chaka cha 1975 Lilongwe anasanduka likulu la dziko la Malawi m'malo mwa Zomba. Chiyambire nthawi imeneyo anthu a mitundu yambiri asonkhana mumzindamo, ena kudzafuna nchito, ena kudzachita malonda, ndi ena kudzafuna mtendere.

Ofuna mtenderewo ndiwo anthu a ku Congo, a ku Burundi ndi a ku Rwanda, amene anathawa nkhondo m'maiko mwao. M'chaka cha 1994 Boma linawapatsa malo okhala ku Dzaleka, m'boma la Dowa. Ena a iwo anakhala zaka zambiri m'madera a Lilongwe, natsegula masitolo, kufikira m'chaka cha 2023, pamene Boma linabweza ambiri ku Dzaleka. Anthu amenewa ali ndi zinenero zao, monga Chiswahili, Chirundi ndi Chinyarwanda. Koma ambiri amene anapita ku sukulu kwao adziwanso Chifalansa, pakuti maiko atatuwo analamulidwa ndi dziko la Belgium, kumene Chifalansa chilankhulidwa. Congo anayamba kudzilamula m'chaka cha 1960, Rwanda ndi Burundi m'chaka cha 1962, koma chinenerocho chinatsala.

Munthu wofika kumene, wosadziwa Chichewa kapena Chingerezi, amabvutika ndithu. Pakamwa ali napo, koma sakhoza kufunsa njira. Aona nyumba zambiri, koma sadziwa kuti chipatala ndi chiti. Akulu anati, "Mlendo ndi mame," ndiko kunena kuti sakhalitsa, ndipo ayenera kuchitiridwa zabwino msanga asanapite. Chifukwa chache mwana wa sukulu wodziwa kutchula malo a kwao ndi nchito za kwao m'Chifalansa ali ndi mphatso yopatsa mlendo, ngakhale m'thumba mwache mulibe tambala.

2. Umo Chifalansa chinafikira m'dziko lino

Chifalansa ndicho chinenero cha dziko la France, ku Ulaya. Chilankhulidwanso ku Belgium, ku Switzerland, ku Canada, ndi m'maiko ambiri a mu Africa, monga Senegal, Cameroon ndi Madagascar. M'dziko lino anadza nacho ndi ansembe a Mpingo wa Katolika. Ansembe a chipani cha White Fathers, chimene anachiyambitsa Kadinala Charles Lavigerie m'chaka cha 1868, anafika kwa Mponda m'chaka cha 1889, koma anachokako m'chaka cha 1891. Ansembe a chipani cha Montfort anamanga ku Nzama, m'boma la Ntcheu, m'chaka cha 1901. Pambuyo pache a White Fathers anabweranso, namanga ku Mua m'chaka cha 1902, ndi ku Likuni ndi ku Kachebere m'chaka cha 1903. Mkulu wao anali Episkopi Joseph Dupont, amene anthu anamtcha Moto Moto. Likuni ali kupitirira Chinsapo, ndipo munthu wa ku Biwi akhoza kupitako ndi kubwerako tsiku lomwelo.

Ansembe amenewa pofika sanadziwe mau a dziko lino. Anayenera kudzichepetsa ngati ana, ndi kufunsa eni mudzi maina a zinthu zimene anaziona ndi maso: nyumba, munda, dambo, mtsinje, njira. Potero anaphunzira kulankhula, ndipo anayamba kulalikira, kuphunzitsa, ndi kulemba mabuku m'Chinyanja. Njira yomweyo ndiyo yoyenera mwana wofuna kuphunzira chinenero chao. Asayambe ndi maina a mizinda ya ku France imene sanaione, koma ayambe ndi msika ndi chigayo zimene aziona m'mawa uliwonse. Chifalansa chiphunzitsidwa m'masukulu ena a sekondale, ndi ku University of Malawi ku Zomba, ndi ku Mzuzu University. Tsono mwana woyamba msanga adzapeza kuti njira yalambulidwa kale.

3. Maina a malo

M'Chichewa maina ali m'magulu ambiri. Chifukwa chache anthu amati msika wathu, sukulu yathu, chipatala chathu, dera lathu. Chifalansa chiri ndi magulu awiri okha. Maina a gulu loyamba atsogozedwa ndi kamau akuti le, ndipo a gulu lachiwiri atsogozedwa ndi la. Gulu loyamba litchedwa lachimuna, lachiwiri lachikazi, ngakhale msika si mwamuna ndipo mseu si mkazi. Dzina likayamba ndi lembo la liu, kapena ndi h wosamveka, le ndi la afupikitsidwa kukhala l'. Zinthu zikachuluka, onse awiri asanduka les. Mwana aloweze dzina lirilonse pamodzi ndi kamau kache, pakuti dzina lopanda kamauko liri ngati khasu lopanda mpini.

la ville — mzinda
le quartier — dera la mumzinda
la maison — nyumba
le marché — msika
la boutique — sitolo
le moulin — chigayo
le garage — galaja
l'école — sukulu
l'hôpital — chipatala
l'église — tchalitchi
la mosquée — mzikiti
la route — mseu
le pont — mlatho
la rivière — mtsinje
le robinet — mpope
le terrain de football — bwalo la mpira

4. Katchulidwe

Malembo a Chifalansa afanana ndi a Chichewa, koma samveka chimodzimodzi. Malembo akuti ou amveka ngati u. Au ndi eau amveka ngati o. Oi amveka ngati wa. Ch amveka ngati sh wa m'mau akuti shati. Malembo ena a kumapeto alembedwa koma satchulidwa: mu le pont, t samveka konse, ndipo on atulukira m'mphuno.

Pali misampha iwiri yogwira ana olankhula Chichewa. Woyamba ndiwo l ndi r. M'Chichewa wonena kuti kulira ndi wonena kuti kulila anena chinthu chimodzi, ndipo palibe womseka mnzache. M'Chifalansa siziri choncho iai. Le lit ndiye kama, koma le riz ndiwo mpunga. T ndi z a kumapeto samveka, kotero kuti mau awiriwo asiyana pa lembo loyamba lokha. Wosasamala akhoza kupempha kama kwa mai wogulitsa mpunga. Tsono mwana akumbukire kuti l atuluka kunsonga ya lilime, koma r wa Chifalansa atuluka kukhosi.

Msampha wachiwiri ndiwo u ndi ou. La roue ndilo gudumu, limene amakaniko alitcha wilo. La rue ndiko kamseu kopita pakati pa nyumba za mumzinda. Potchula u wa Chifalansa, mwana asongole milomo monga ngati afuna kuimba mluzu, ndipo milomo iri chomwecho anene kuti i. Ku Biwi Triangle, kumene kuli magalaja ambiri ndi masitolo a zipangizo za galimoto, magudumu ndi timiseu ziri pamodzi, ndipo wolozera mlendo ayenera kusiyanitsa bwino.

5. Kunena zimene ziriko ndi zimene kulibe

Mau akuti pali, kuli ndi muli ali ndi mnzao mmodzi yekha m'Chifalansa, ndiye il y a, wotchulidwa ngati iliya. Pambuyo pache pabwera un pa dzina lachimuna, une pa dzina lachikazi, ndi des pa zinthu zambiri.

À Biwi, il y a une école. — Ku Biwi kuli sukulu.
À Biwi, il y a des garages. — Ku Biwi kuli magalaja.
En ville, il y a un grand marché. — M'tauni muli msika waukulu.

Pofuna kunena kuti palibe, kulibe kapena mulibe, anena kuti il n'y a pas de.

À Lilongwe, il n'y a pas de lac. — Ku Lilongwe kulibe nyanja.

Mau okanawa afunika monga anzao obvomera, pakuti mwana ayenera kunena zoona. Asachite manyazi kuti kwao kulibe chakuti, ndipo asakometse dera lache ndi zinthu zimene kulibe, kuopa kuti mlendo angataye tsiku lonse kufunafuna chinthu cha m'maloto.

6. Kulozera njira

Mlendo afunsa kuti, Où est le marché ? ndiko kuti, Msika uli kuti? Poyankha, mau ofunika ndi awa:

près de — pafupi ndi
loin de — kutali ndi
devant — kutsogolo kwa
derrière — kuseri kwa
à gauche — kumanzere
à droite — kumanja
tout droit — molunjika, osakhota

Mau awiri otsirizawo afanana kwambiri, ndipo asokeretsa anthu ambiri. Mu à droite, t amveka kumapeto; mu tout droit, t wa kumapeto samveka. Wonena limodzi m'malo mwa linzache atumiza mlendo kumanja pamene anayenera kulunjika.

Ku ndi pa wa Chichewa kawirikawiri ndiye à. Koma à akakomana ndi le, asanduka au. Ndipo de akakomana ndi le, asanduka du.

Je vais au marché. — Ndipita ku msika.
Je vais à l'école. — Ndipita ku sukulu.
Biwi est près de Mchesi. — Biwi ali pafupi ndi Mchesi.
Area 23 est près de Kawale. — Area 23 ali pafupi ndi Kawale.
Mgona est loin de Biwi. — Mgona ali kutali ndi Biwi.
Chinsapo est sur la route de Likuni. — Chinsapo ali pa mseu wa ku Likuni.
Area 25 est au nord de la ville. — Area 25 ali kumpoto kwa mzinda.

Maina a malo amenewa sasandulika. Biwi ndi Biwi m'chinenero chirichonse.

7. Nchito za anthu

Kutchula malo okha sikukwanira, pakuti mlendo afunanso kudziwa chimene chichitika kumeneko. Pa ichi Chifalansa chiri ndi kamau kothandiza, ndiko on, kamene kaimira anthu osatchulidwa maina, monga m'Chichewa amati, "Kumeneko amagulitsa nsomba."

Au marché, on achète et on vend. — Ku msika amagula ndi kugulitsa.
Au moulin, on moud le maïs. — Ku chigayo amagaya chimanga.
Au garage, on répare les voitures. — Ku galaja amakonza magalimoto.
À Mchesi, on fabrique des chaises. — Ku Mchesi amakhoma mipando.
À Kanengo, on vend le tabac. — Ku Kanengo amagulitsa fodya.
À l'hôpital, on soigne les malades. — Ku chipatala amachiza odwala.
À l'église, on prie et on chante. — Ku tchalitchi amapemphera ndi kuimba.

Pali zinthu zina za kuno zimene ziribe dzina m'Chifalansa, popeza ku France kulibe. Mwana asazisiye chifukwa cha ichi, koma azitchule ndi dzina lao lenileni, nazifotokoze ndi mau apafupi.

La nsima est une pâte de maïs. — Nsima ndi chakudya chophika ndi ufa wa chimanga.
Le bawo est un jeu. — Bawo ndi masewera.
Le kabaza est un vélo-taxi. — Kabaza ndi njinga yonyamula anthu molipira.

Potero mlendo aphunzira mau a Chichewa pamene mwana alikuphunzira a Chifalansa, ndipo onse awiri apindula.

8. Ulemu polankhula

Afalansa asiyanitsa wamng'ono ndi wamkulu monga achitira Achewa. Tu ndiye iwe, ndipo vous ndiye inu. Mwana anena tu kwa mnzache wosewera naye, koma kwa munthu wamkulu anena vous nthawi zonse; kunena tu kwa mai wachilendo ndi chipongwe chofanana ndi kumuti iwe. Bambo ndiye Monsieur, mai ndiye Madame. Moni ndiye Bonjour, chonde ndiye s'il vous plaît, zikomo wothokoza ndiye merci.

Nachi chitsanzo cha kukambirana kwa mai wachilendo, wobereka mwana wodwala, ndi mnyamata wa sukulu wa ku Biwi.

Mai: Bonjour, mon petit. Tu parles français ? — Moni mwanawe. Kodi ulankhula Chifalansa?
Mnyamata: Bonjour, Madame. Un peu seulement. — Moni mai. Pang'ono pokha.
Mai: Mon enfant est malade. Je cherche l'hôpital. — Mwana wanga alikudwala. Ndifuna chipatala.
Mnyamata: Parlez lentement, s'il vous plaît. — Chonde mai, lankhulani pang'onopang'ono.
Mai: L'hôpital. Où est l'hôpital ? — Chipatala. Chipatala chiri kuti?
Mnyamata: L'hôpital s'appelle Bwaila. Il est en ville, près du pont. — Chipatala dzina lache ndi Bwaila. Chiri m'tauni, pafupi ndi mlatho.
Mai: C'est loin ? — Kodi nkutali?
Mnyamata: À pied, c'est un peu loin. Prenez le minibus sur la grande route. — Wapansi nkotalikirapo. Mukwere minibasi pa mseu waukulu.
Mai: Où est la grande route ? — Mseu waukulu uli kuti?
Mnyamata: Tout droit. Venez, Madame, je vous accompagne. — Molunjikamu. Tiyeni mai, ndikuperekezeni.
Mai: Merci, mon petit. Que Dieu te bénisse. — Zikomo mwanawe. Mulungu akudalitse.

Mau a mnyamatayu ndi ochepa, koma pali zinthu zinai zimene wachita bwino. Wabweza moni mwaulemu. Wanena zoona, kuti adziwa pang'ono pokha. Posamva, sanabvomere chabe ndi mutu, koma wapempha kuti mai abwereze; pakuti safunsa anadya phula. Ndipo pamene mau amthera, waperekeza mlendo ndi miyendo yache. Koma mwana aperekeze kufikira pa mseu pokha, pamene pali anthu, ndipo akafika kunyumba auze akulu ache.

9. Chimangirizo chachifupi

Mau onsewa akalumikizidwa, atuluka chimangirizo chotere:

J'habite à Biwi. Biwi est un quartier de Lilongwe, la capitale du Malawi. Mon quartier est près de Mchesi et de Kawale. Il y a une école, des boutiques, des églises et beaucoup de garages. Le matin, je vais à l'école. L'après-midi, je puise de l'eau et je joue au football. Le samedi, je vais au marché avec ma mère. Le dimanche, je vais à l'église. J'aime mon quartier.

Tanthauzo lache ndi ili: Ndikhala ku Biwi. Biwi ndi dera la Lilongwe, likulu la Malawi. Dera lathu liri pafupi ndi Mchesi ndi Kawale. Kuli sukulu, masitolo, matchalitchi ndi magalaja ambiri. M'mawa ndipita ku sukulu. Masana nditunga madzi ndi kusewera mpira. Loweruka ndipita ku msika ndi amai anga. Lamulungu ndipita ku tchalitchi. Ndikonda dera lathu.

Mwana wa kumudzi asaganize kuti phunziro ili ndi la ana a m'tauni okha. Achotse dzina la Biwi, naikepo dzina la mudzi wache. Achotse magalaja, naikepo zimene ziri kwao. Mudzi ndiwo le village, munda le champ, nkhokwe le grenier, chitsime le puits, phiri la montagne, mfumu le chef. Polima anena kuti on cultive, pokolola on récolte, poweta mbuzi on élève des chèvres.

Koma asanalembe, ayambe wayenda m'mudzi mwache ndi maso openya. Ana ambiri sadziwa dzina la mtsinje umene asambamo, kapena kumene ipita njira yodutsa kuseri kwa sukulu yao. Ndipo chimene munthu sachidziwa m'Chichewa sangachinene m'Chifalansa. Afunse agogo ache ndi amalume ache maina a madambo, a mapiri ndi a midzi yoyandikana nayo, nalembe m'kope mau asanu tsiku lirilonse. Pakutha mwezi adzakhala ndi mau okwanira kulandira nao mlendo. Mulungu, amene anapatsa mtundu uliwonse chinenero chache, akondwera ndi mwana wolandira mlendo ndi kumuonetsa njira.

Mafunso

1. Kodi Biwi ayandikana ndi madera ati?
2. Chifukwa ninji anthu ambiri a ku Congo, Burundi ndi Rwanda adziwa Chifalansa?
3. Kodi Mua ndi Likuni anamangidwa m'zaka ziti, ndipo anamanga ndani?
4. Kodi le lit asiyana bwanji ndi le riz, ndipo la rue asiyana bwanji ndi la roue?
5. Kodi mwana anena tu kwa yani, ndipo anena vous kwa yani?

Nchito

1. Lembani m'Chifalansa: Ku mudzi kuli chitsime. Ku mudzi kulibe chipatala. Sukulu iri pafupi ndi tchalitchi.
2. Jambulani mapu a mudzi wanu, ndipo mulembepo maina a malo asanu ndi limodzi m'Chichewa ndi m'Chifalansa.
3. Awiriawiri, wina akhale mlendo wofuna chigayo, wina akhale mwana womlozera njira.